Buku limene ndinabisa m'thumba la mtedza

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Giredi 7, chaka chimene atate anadwala chifuwa chachikulu. Tinkakhala ku Kapata, mu Chipata, m'nyumba ya zipinda zitatu, ndipo atate anali makaniko pa galaja ina m'mbali mwa msewu wopita ku Lusaka. Anali munthu wa mapewa otambalala, wosasowa girisi m'zikhadabo ngakhale tsiku la Sabata. Matenda atawagwira anaonda mpaka wotchi yawo inkatsetsereka kufika pachigongono.

Atate sankamwa mowa, ndipo za mpira analibe nazo chidwi. Chawo chinali mabuku a nkhani zaupandu. Pa onse, ankakonda kwambiri mabuku otsatizana a wapolisi wofufuza milandu wotchedwa Inisipekitala Gondwe, olembedwa m'Chingerezi chosavuta. Mabukuwo anayenera kukhala asanu, koma anali atatuluka anayi. Ine ndinawadziwira pamiyendo pa atate, akundiwerengera ndi mawu awo aakulu. Atadwala, maso ankawatopa msanga, ndiye tinasinthana. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pampando pakhonde, iwo atagona pamphasa padzuwa monga anawalangizira kuchipatala, ine n'kumawerenga. Tinabwereza mabuku anayi onse aja kuyambira pachiyambi.

Buku lachinayi linathera poipa. Gondwe anali atangozindikira kuti amene ankaphetsa madalaivala a malole anali munthu wa mu ofesi yake yomwe, ndipo zigawenga zinamutsekera m'nyumba yosungiramo thonje n'kuiyatsa moto. Tsamba lomaliza linangonena za utsi ukulowa pansi pa chitseko. Basi. Chaka chathunthu chinadutsa ife tikudikira, tikukangana kuti wompereka ndani. Atate ankati ndi wachiwiri wake. Ine ndinkati ndi mayi wotayipa makalata.

Mabukuwa tinkawapeza kwa a Jafali, mnzawo wa atate, Msilamu amene anali ndi kasitolo ka makope ndi zolembera m'tauni. Katundu wawo ankabwera pa basi kuchokera ku Lusaka. Ndinkadutsa pasitolopo pafupifupi tsiku lililonse, moti akangondiona pakhomo ankapukusa mutu ndisanatsegule n'komwe pakamwa.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni kunabwera azakhali, alongo awo a atate, kuchokera kumudzi kufupi ndi Mtenguleni. Atangoona mmene atate anathera anayamba kulira mokweza ngati afika pamaliro. Atate anadzuka pang'ono natsamira khoma.

"Alongo, pukutani misozi," anatero. "Ine sindingafe ndisanadziwe ngati Gondwe anatuluka m'moto uja."

Amayi anaseka, azakhali nawo anaseka ali chilirire ngakhale Gondweyo sankamudziwa. Ine sindinaseke. Miyezi iwiri m'mbuyomo, bambo wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, amene ankatsokomola ngati atate, anali atatulutsidwa m'nyumba ali m'bokosi la maliro. Mawu a atate anandilowa mumtima ngati lamulo. Ndinaganiza kuti ngati sangafe asanadziwe, ndiye kuti akadzangodziwa palibenso chowaletsa.

Patangopita sabata imodzi, a Jafali anandikodola ndili kutsidya kwa msewu. Anatulutsa buku lachisanu lija pansi pa kauntala, lili m'pepala la khaki.

"Tamala, lafika dzulo," anatero akumwetulira. "Thamanga nalo. Uwauze kuti ndi mphatso ya wodwala."

Ndinalilandira ndi manja awiri, ndikugwada pang'ono. Sindinathamange. Ndinayenda pang'onopang'ono, oyendetsa njinga za kabaza akundiimbira mabelu kuti ndipatuke. Nditafika kunyumba ndinazungulira kuseri, n'kulowa m'kachipinda kosungiramo zakudya. Munali thumba la mtedza wosaswa limene azakhali anabweretsa. Ndinalowetsa mkono mpaka paphewa, n'kukwirira bukulo pakati penipeni.

"Lafika?" anafunsa atate nditatulukira pakhonde.

"Ayi, atate. Akuti mwina sabata yamawa."

Aka kanali koyamba kuwanamiza pa chinthu chachikulu, ndipo ndinapitiriza kwa masabata awiri. Tsiku lililonse funso linali lomwelo, yankho lomwelo. Ankangoti, "Chabwino, mama," n'kutembenukira kukhoma. Chimene chinkandipweteka n'chakuti inenso ndinkalifuna bukulo ngati madzi. Amayi akapita kumsika ndinkalifukula, n'kulinunkhiza fungo la pepala latsopano losakanikirana ndi fumbi la mtedza, n'kuyang'ana chithunzi cha pachikuto. Kulitsegula ndinkaopa, poganiza kuti ndikadziwa mathero atate adzawaona pankhope panga. Chakudya chinaleka kundikomera. M'kalasi aphunzitsi anandifunsa kawiri ngati nanenso ndayamba kudwala.

Lachisanu lina masana, a Jafali anafika kwathu akuchokera ku mzikiti, atanyamula malalanje m'kathumba. Ine ndinali ndikutsuka mbale pambali pa khonde. Analonjerana ndi atate, anafunsana za ana ndi za kuzizira, kenaka a Jafali anawomba m'manja.

"Nanga Gondwe wathu, achimwene? Mwafika pati m'masabata awiriwa? Ine ndinamaliza masiku atatu okha, koma pakamwa ndatseka!"

Mbale inandipulumuka n'kugwera m'beseni. Atate sanandiyang'ane. Anangoti, "Tikadali koyambirira, achimwene. Wowerenga wanga ali ndi mayeso."

Mlendo atapita, atate anandiitana. Sanakweze mawu. Anandiuza kuti ndikhale pamphasa pomwepo.

"Buku lili kuti?"

"M'thumba la mtedza."

"Unalitaya kapena unaling'amba, n'kuopa kunena?"

"Ayi, lili bwinobwino."

"Nanga bwanji, mwanawe? Masabata awiri?"

Mawu anga anatuluka pamodzi ndi misozi ndi mamina. Ndinawakumbutsa zimene anauza azakhali. Ndinati sindikufuna kuti adziwe za Gondwe, ngakhale patapita zaka khumi, ngakhale mbewa zidye bukulo lonse.

Ndinkayembekeza kuti aseka kapena akalipa. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anaphimba kumaso ndi dzanja lawo loondalo kwa nthawi yaitali. Kenaka anandituma kuti ndikatenge khadi lawo la kuchipatala m'thumba la jekete. Analitambasula pamphasa n'kundionetsa timabokosi timene ankachonga tsiku lililonse akamwa mankhwala, mizere yodzaza kale ndi mizere yotsala. Anandilozeranso pamene anamwino ankalemba kulemera kwawo. Manambala anali atayamba kukwera, pang'onopang'ono, koma kukwera ndithu.

"Ukuona? Chikundisunga ine si Gondwe ayi. Ndi mapiritsi owawa awa, phala la amako, ndi Mulungu. Zija ndinanena kuti azakhali ako aleke kulira. Sindinaganize kuti pali khutu lina likumva. Wolakwa ndine, mama. Koma nawenso, chinthu chikakulemera chonchi, uzibwera nacho kwa ine kapena kwa amako. Tsopano pita ukapulumutse buku lathu mbewa zisanadziwe mathero ife tisanadziwe."

Tinaliwerenga masiku anayi. Amayi nawonso anasiya makina awo osokera n'kudzakhala nafe, ine ndikumawamasulira m'Chinyanja pamene pavuta. Sindinganame kuti mantha anatheratu tsiku lomwelo. Tsiku lachinayi, titafika pamutu womaliza, ndikamaliza tsamba lililonse ndinkadzutsa maso kuona ngati chifuwa cha atate chikukwera ndi kutsika. Gondwe anatuluka m'moto kudzera m'ngalande ya madzi, atapsa mkono. Wompereka sanali wachiwiri wake, sanalinso mayi wotayipa uja. Anali dalaivala wa Gondwe yemweyo, amene tonse tinkamukonda.

Ndinatseka bukulo.

"Dalaivala!" anafuula atate, akumenya mphasa. "Dalaivala ameneyu? Wolembayu watipusitsa tonse!" Anatsokomola, anaseka, kenaka anatembenukira kwa amayi. "Amake Tamala, mbatata ija yatha? Njala yandipweteka."

Anadya mbatata zitatu ndi tiyi, ine ndikuwayang'ana ngati sindinaonepo munthu akudya. M'mawa mwake ndinadzuka mtima uli m'mwamba, koma nditatuluka panja ndinawapeza atakhala pampando, kagalasi katatsamira pazenera, akumeta ndevu n'kumang'ung'udzabe za dalaivala uja. Ndinabwerera m'nyumba n'kukhala pabedi, ndipo ndinamva thupi lonse likumasuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Mvula yoyamba isanagwe, atate anali atamaliza mankhwala awo n'kubwerera ku galaja.

Lero atate ndi nkhalamba, anapuma ntchito ndipo amakhala kumudzi, kumene amakonza njinga zamoto za achinyamata ngakhale tonse timawaletsa. Ine ndili ndi ana anga awiri, ndipo ndikuphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Chipata. Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti akuluakulu tikamalankhula pafupi ndi wodwala timaponya nthabwala kuti tilimbe mtima, osadziwa kuti mwana amene wakhala phee pambalipo akuzitola ngati zoona n'kukazisenza yekha. Ndipo mwana wamantha amatha kuchita chinthu chooneka ngati mwano pamene kwenikweni akuyesa kuteteza munthu amene amamukonda. Atate akanayamba ndi ndodo tsiku lija, bodza langa likanalangidwa, koma mantha anga akanatsala pomwepo. Iwo anayamba ndi funso. Chotero mwana akandinamiza, kunyumba kapena m'kalasi, ndimadziletsa kaye, ndimamukhazika pansi pafupi nane, n'kumufunsa chimene akuopa.