Kamera ya pa Pikapu ya a Jeremiah

A Jeremiah a ku Yofu adakalambira pa chiwongolero, akuyendetsa malole ku Bulawayo. Atapuma ntchito adabwerera kwawo ku chilumba cha Likoma ndi pikapu, namanyamulira anthu katundu sitima ikafika pa Chipyela. Koma khosi lidayamba kuwauma, moti kucheuka kudali kovuta. Mwana wawo Constance ndiye adawakakamiza kuikitsa kamera kumbuyo kwa galimotoyo, pamodzi ndi timasensa timene timalira ikayandikira chinthu.

M'mawa wina, atapakira matumba a ufa padoko, adayang'ana m'magalasi, osaona munthu, nayamba kubwerera m'mbuyo. Mwadzidzidzi timasensa tidalira motsatizana. Adaponda buleki. Pasikirini padaoneka mayi atagwada pafupi ndi tayala, akutola tomato amene adamwazika.

Mkuluyo adatsika m'galimoto. Mayiwo adali a Celeste, ogulitsa zakudimba ochokera ku Cobue, kutsidya kwa nyanja.

"Mayi, injini simumaimva?" adafunsa a Jeremiah.

"Ndiimve bwanji ndi phokoso lonseli, bambo? Simunandipondere tomato wanga?"

A Jeremiah adaseka mpaka misozi, mtima utakhala pansi. Kenako adagwada pambali pa mayiwo, nawathandiza kutola wotsalayo.