Kamoto kamene kankazima ine ndikafika

Nkhondo ya Ajeremani itangotha, ndinakwatiwa ku Chiromo. Ine ndine Mmang'anja wa ku Chapananga, kumene mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, koma amuna anga anali Msena. Anapereka malowolo n'kunditengera kwawo. Kumeneko ndinalibe mayi, ndinalibe malume. Ndinali ndi apongozi okha, mayi a amuna anga, amene chifikireni sanandisekerepo. Ndipo ndinali ndi pakati poyamba.

Amuna anga ankagwira ntchito m'nyumba ya mzungu wina wogula thonje. Mzunguyo anaitanitsa chinthu chotenthetsera madzi osamba, chinabwera pa sitima ya pamadzi. Chinali chimgolo chamkuwa, kutalika kuposa mtondo, pansi pake pali kathanki ka palafini ndi chingwe ngati cha nyale. Ukayatsa chingwecho, kamoto kankayaka phee pansi pa mgolo, madzi n'kumatentha. M'chigwa muno, mmene dzuwa limawotchera, munthu n'kumafunanso madzi otentha. Koma za azungu sitinkafunsa. Kuyatsa ndi kuthira palafini inali ntchito ya amuna anga. Yanga inali kutunga madzi ku Shire n'kudzathira mumgolomo.

Poyamba chinkagwira bwino. Kenako chinayamba mwano. M'mawa ndikathira mtsuko woyamba, amuna anga ankayatsa, kamoto n'kugwira bwinobwino, ine n'kubwerera kudooko. Ndikamabwerako ndi wachiwiri, ndisanatule n'komwe, kamoto kaja kankayamba kuthetheka, kuphethira, kenako thimu, kusiya utsi wonunkha. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Bwana ankasamba madzi ozizira akutukwana m'chinenero chake.

Palibe chimene amuna anga sanayese pamaso pa bwanayo. Anadula nsonga yopserera ya chingwe. Anaika chingwe chatsopano. Anati mwina ndi mphepo ya kumtsinje, n'kutchinga zenera ndi mphasa. Anatokosa timabowo ta mpweya ndi singano, anapukuta mwaye ndi nthenga ya nkhuku. Bwana yemwe anagwada pansi n'kusuzumira mpaka nkhope kufiira. Kamotoko kankangoyaka kanthawi komwe kaja, ine n'kufika, iko n'kuzima.

Wophika wa pa nyumbapo, bambo wa pakamwa posatseka, ndi amene anakaiulutsa nkhaniyi kumudzi. Anati moto wa bwana umaopa mkazi wa uje. Iye ankaseka, koma apongozi anga sanaseke. Anandiitana kuseri kwa nyumba yawo, amuna anga ali pomwepo.

"Mbiya zikasweka powotcha, timafunsa amene wayenda njira ziwiri," anatero apongozi. "Mowa ukasasa timafunsanso. Moto uwu ukuzima pamaso pa munthu mmodzi. Mtengwa, mimbayi ndi ya yani?"

Ine, amene sindinkadziwa ngakhale njira ya kumsika popanda wondiperekeza. Ndinayang'ana amuna anga kuti ayankhe. Iwo anali kalikiliki kuchotsa chisoso pa kabudula.

"Amayi, ine sindidziwa mwamuna wina," ndinatero. "Chinthucho n'cha azungu, mwina chadwala."

"Nkhabe," anakana apongozi m'Chisena chawo. "Moto ndi moto, kaya wa mzungu kaya wa munthu. Ngati mtima wanu uli woyera, mukamwa mwabvi."

Ana a lero saudziwa mwabvi. Linali khungwa la mtengo, losinja n'kusungunula m'madzi. Wosalakwa ankati amasanza, wolakwa ankafa. Boma linali litaletsa, choncho anthu ankaoloka pa bwato kupita tsidya la Apwitikizi, kumene kunali mkulu wina wodziwa kusinja. Apongozi anatumiza uthenga, tsiku linaikidwa. Ndinkaopa, sindinama. Ndinaonapo mayi wina kwathu atamwa, ndipo sanasanze. Choipa koposa n'chakuti nanenso ndinayamba kudzikayikira. Ndinkaima pakhomo la bafa ndi mtsuko pamutu, kamoto n'kuzima, ine n'kumadzifunsa ngati ndinachimwa kutulo osadziwa.

Kutatsala tsiku limodzi, bwana anatopa nacho chinthu chake. Analamula kuti achiphwasule chonse, achikweche, mwina mkati mwadetsedwa. Amuna anga anali atatumidwa kukathandiza kuyeza thonje, ndiye wophika uja anandikankhira ine ntchitoyo. Ndinakwecha mgolo ndi phulusa ndi ndimu. Kenako ndinamasula kathanki kaja. Munali mukadali palafini, ndipo poopa kutaya mafuta a bwana ndinakhuthulira m'beseni loyera.

Mkazi aliyense amene anayengapo mafuta a nsatsi amadziwa kuti mafuta ndi madzi sizigwirizana. Pamwamba panayandama palafini, pang'ono chabe. Pansi ponse panali madzi, madzi ofiira a Shire, ndi timatope take tomwe. Chingwe chinkayamba chamwa mafuta, kenako n'kukoka madzi. Nthawi imene chinkatenga kuti chifike pa madziwo ndiyo nthawi yanga yopita kudooko n'kubwera.

Ndinaseka ndekha ngati wamisala, misozi ili chuchuchu. Ndinabisa beseni kuseri kwa chitseko cha bafa n'kudikira amuna anga. Atangolowa ndinawakoka dzanja.

"Taonani, bambo. Ndi madzi. Si ine ayi, ndi madzi. Tiyeni tikaonetse amayi."

Anayang'ana m'besenimo. Ndinkadikira kuti adzidzimuke monga ndinadzidzimukira ine. Sanadzidzimuke. Anacheuka kuyang'ana ku khonde kumene bwana ankakhala, kenako anatsitsa mawu.

"Katayeni msanga kuseri. Asaone munthu."

"Nditaye bwanji? Umenewu ndiye moyo wanga."

"Ndikuti katayeni. Mafutawo ndinkapungula ndine, ndinkapatsa asodzi a ku dambo. Ndinkathiramo madzi kuti kathanki kazilemera bwana akanyamula."

Ndinakhala pansi, pa madzi a m'bafa pomwepo. Munthu uyu ndinkamuona akudula chingwe, akutchinga zenera, akutokosa ndi singano thukuta lili kamukamu, chonsecho akudziwa. Mayi ake akundifunsa mwini mimba, iye ali pambali, akudziwa.

"Ndiye mawa ndikamwe mwabvi chifukwa cha palafini?" ndinafunsa.

Anandigwira paphewa mwachifundo, ndipo chifundocho ndi chimene chimandiwawa mpaka lero. Sanali kundinyenga. Ankakhulupirira ndithu zimene ankanena.

"Mukuopa chiyani? Mwabvi supha wosalakwa. Inu mulibe mlandu, ine ndikudziwa. Mukamwa, mukasanza, amayi akachita manyazi, nkhani n'kutha. Koma ine bwana akadziwa, ndi chikoti ndi ndende. Ndani adzakudyetsani?"

Anali atawerengera kale zonse, n'kupeza kuti chopepuka n'chakuti ndimwe ine.

"Chabwino, ine ndikasanza," ndinatero. "Nanga mwana ali m'mimbayu, nayenso akasanza?"

Ndinaona pankhope pake kuti za mwanayo anali asanaziganizepo ngakhale kamodzi.

Beseni lija sindinalitaye, komanso sindinapite nalo kwa bwana. Ndinalisiya pakati pa bafa, aliyense wolowa alione. Sindinalowe m'nyumba kukatenga kanthu. Ndinamanga nsalu yanga pamwamba pa mimba n'kuyamba kufunsa anthu njira ya ku Chapananga. Mwana wanga wamkazi anabadwira m'nyumba ya mayi anga, ndipo bambo ake sanabwere kudzamuona.