Mwana amene ndinamufufuta

Ndili pa maphunziro a digiri ya masitazi ya zaumoyo ndi makompyuta, ananditumiza ku kachipatala kena kufupi ndi Malomo kuti ndikalowetse kaundula wa ana a sikelo mu kompyuta. Ndinafika ndi laputopu, komanso mtima woti ndabwera kudzaphunzitsa anthu ntchito.

Tsiku lachiwiri ndinapeza mizere iwiri yofanana: "Mwana wa Esinati", mudzi umodzi, tsiku lobadwa limodzi. Kusukulu anatiphunzitsa kuti zikatero ndiye kuti wina analemba kawiri. Ndinafufuta mzere umodzi, n'kudziyamikira chamumtima. Ine wobadwira ku Chezi ndinaiwala kuti khanda silipatsidwa dzina mchombo usanagwe, ndiponso kuti mayi amatha kubereka awiri.

Pa tsiku la katemera Esinati anabwera, wina kumsana, wina m'manja. Anamwino, mayi Nabanda, anayang'ana pa mndandanda umene ndinasindikiza.

"Achimwene, apa pali mwana mmodzi. Mnzakeyu mwamusiya kuti?"

Ndinadinadina mabatani nkhope ili gwa. "Ndi netiweki, mayi. Imachita zimenezi."

Laputopuyo sinali pa netiweki n'komwe. Mayi Nabanda sananditsutse. Anatsegula kaundula wawo wakale wong'ambika chikuto, napeza ana onse awiri, n'kuwabaya katemera.

"Mukaiuze netiweki yanuyo kuti kuno timaberekanso mapasa," anatero akutseka bukulo.

Digiri ndinatenga, ndipo kafukufuku wanga anali wa zolakwika za kaundula wolemba pamanja. Anawo pano ndi Chisomo ndi Madalitso, akuthamanga bwinobwino. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinafufuta uti.