Mfuti ya Maliro a Abambo Medson

Ku Mchesi, kuseri kwa okhoma zidebe, kumakhala Abambo Medson, mlonda wopuma ntchito, amene chuma chawo chonse ndi mfuti imodzi ya gogodela. Anawasiyira ndi bambo awo a ku Dowa. Ndi yaitali ngati munsi, ndipo imadyera kukamwa: uthiremo wonga, uponyemo kachitsulo, utsendere kansanza, kenako ugogode ndi ndodo mpaka thukuta kamukamu. Mfuti za masiku ano, zolowetsa chipolopolo kumbuyo wonga uli kale m'kati, iwo amati ndi za alesi.

Kwawoko munthu wamkulu akamwalira ankawomba mfuti kuti midzi imve. Inalira pa maliro a agogo awo, inaliranso pa maliro a bambo awo. Ndiye Abambo Medson analumbira: "Ine sindifa ndisanaimve kuti idzandilirira. Ndipite chinunu ngati nkhuku ya chitopa?"

Choncho Ogasiti aliyense amayeserera maliro awo. Amagona chagada pamphasa, atavala suti, thonje m'mphuno. Mnzawo wa bawo, Abambo Abdullah, amaloza mfuti kumwamba atatsinzina. Amayi ogulitsa tomato amabwera kudzathandiza kulira.

Kha! Basi. Ngakhale kautsi komwe.

"Yakananso, achimwene," amatero Abambo Abdullah. Malemuwo amadzuka, n'kutukwana wonga wa masiku ano, n'kuitanitsa tiyi. Zaka khumi ndi zinayi zatha choncho. Shuga wawagwira, bipi yawagwetsa kawiri, koma munthu angafe bwanji zinthu zisanalongosoke?

Chaka chatha anapita okha ku Dowa kukatenga wonga wouma bwino kwa mlenje wina wokalamba. "Ulendo uno ilira," anauza akazi awo, Amayi Elube, akusekerera ngati akunena za ukwati.

M'mawa wa tsiku loyeserera maliro, mfuti ataidyetsa kale, Abambo Medson anabwerera kuchipinda kukatenga thonje. Anapeza Amayi Elube atagwada, akuthira madzi a m'ketulo kukamwa kwa mfutiyo, osataya ndi dontho lomwe. Dzanja lawo linali lozolowera.

Mkwiyo unabwera, koma sunakhalitse. Chimene chinatsala chinali chisoni: zaka zonsezi iwo akukonzekera ulendo, mayiwa akuwatsekera njira ndi ketulo. Anabwerera chafutambuyo osakhosomola, nakagona pamphasa paja.

Kha!

"Yakananso, achimwene."

"Wonga wa ku Dowa nawonso ndi wabodza," anatero malemuwo, misozi ikutsikira m'makutu. "Mayi, ikani tiyi. Chaka chino sizitheka."