Galimoto ya a Lemani Mwale

Amene akufuna kuseka a Lemani Mwale ayambe wandipeza ine pa depoti ya Kasungu, ndimuonetse pothera nthabwala. Ndinakulira khomo loyandikana ndi lawo ku Chulu, ndiye za iwowa musandiuze.

A Lemani ndi mlimi wa fodya, munthu wa mawu ochepa. Chaka chimene makuponi anayamba, anatha masiku atatu pa mzere wa feteleza. Kumudzi akazi awo, a Perpetua, nthawi yawo yochira inakwana mvula itagwa, dambo litadzaza. Ngolo yopita nawo kuchipatala inatitimira pakati, ng'ombe zinagwada. A Lemani pobwera ndi matumba awo panjinga anapeza amayi a m'mudzi akulira maliro a akazi awo m'mphepete mwa madzi. Anatsala ndi mwana mmodzi, Feliya, wa zaka khumi ndi ziwiri.

Fodya atawayanja zaka zitatu, sanakhome malata, sanakwatirenso. Anapita ku Lilongwe n'kubwerako ndi chigalimoto chachitali, chija chimakoka ndi mawilo onse anayi ukakankha kagiya kakang'ono ka pambali. Wogulitsa anati chimenechi matope sichiwadziwa.

Koma m'matopemo sankachilowetsa. Mvula ikangoyamba, ankachiika m'chigafa chakechake, kuchifunditsa lona, iwo n'kubwerera panjinga. Kagiya kaja sanakakankhepo, ndipo munthu asayerekeze kukakhudza.

"Madala, mwagula galimoto kapena mwakwatira?" ankakuwa anyamata a pa depoti. "Igulireni chitenje!"

Wina ndinamugulula dzino pa mawu amenewa, ndipo sindipepesa. Komabe tili awiri ndinawafunsa: "Achimwene, chinthu chonsechi chongopitira kutchalitchi pa fumbi?"

"Ndikusungira tsiku lake," anatero. "Chikatha msanga, Feliya adzawoloka pa chiyani?"

Kwathu chabwino timasunga, monga suti ya m'bokosi. Palibe anawauza kuti chitsulo chikagona chimafa, nanenso sindinkadziwa.

Feliya atakwatiwa, anabwera kwa bambo ake kudzadikirira mimba yoyamba. Zinayamba masana ena mu Januwale, dambo litasefukira, ine ndili kumudzi kopalira. Tinamugoneka pa mpando wakumbuyo. Tili pakati pa dambo, mawilo akumbuyo anayamba kungozungulira pamodzimodzi. A Lemani anagwira kagiya kaja. Gwa! Dzimbiri. Anakoka ndi manja awiri, ine ndinamenya ndi mwala uku ndikutukwana wogulitsa ndi mtundu wake wonse. Iwo sanatukwane. Anatembenukira mwana wawo n'kunena, "Limba mtima, Perpetua, tiwoloka." Anamuitana ndi dzina la malemu mayi ake.

Tinakuwira anthu a m'mudzi, ndipo Feliya tinamunyamula pa chitseko amuna asanu, madzi olekeza m'chiuno, mpaka kutsidya. Feliya anapulumuka. Khanda silinalire.

Pano Feliya amakhala pa boma ndi mwamuna wake, chipatala n'chongoyenda pansi. Kagiya kaja makaniko anakakonza pa ola limodzi, ndi mafuta basi. Tsopano m'mawa uliwonse, ngakhale mu Okutobala dambo lili louma mbee, a Lemani amaima m'mphepete, kukankha kagiya, kuwoloka, kutembenuka, kuwolokanso. Pa mpando wakumbuyo anayalapo bulangete, ndipo salola munthu kukhalapo. Pokwera mtunda wa kutsidya amachepetsa liwiro ngati anyamula wodwala. Ndikakwera nawo ndimakhala kutsogolo, maso kumsewu, ndipo sindicheuka.