A Tobias Anasamuka Pansi pa Mango

Pa Mtunthama, aliyense amene tayala la njinga linamuphulikirapo amawadziwa a Tobias. Ine ndine Feliya, ndimagula soya ndi mtedza kwa alimi, ndipo sikelo yanga ndinkaipachika pafupi ndi mtengo wa mango umene iwo ankakonzerapo njinga. Matumba anga onse amabwera pa njinga. A Tobias akapanda kugwira ntchito, malonda anganso amakwawa.

Ndi a Mboni za Yehova. Fodya salima ngakhale minda yonse yowazungulira ndi ya fodya, ndipo za zipani salowerera. Ali aang'ono, nthawi ya chipani chimodzi, makolo awo anakana kugula khadi la chipani, nyumba yawo ku Lukwa n'kuwotchedwa. Anathawira ku Mozambique. Kumsasa wa othawawo, abale a mpingo ankabwera pa njinga kudzera njira zamtchire, atanyamula ufa, mchere ndi mankhwala. Njingazo zinkafika zitatheratu. A Tobias ndi amene ankamata machubu, mpaka ntchito inalowa m'manja.

Nyengo ya kampeni yapitayi, anyamata a chipani china anabwera ndi mbendera n'kuimanga pa mango paja.

"Madala, takukongoletserani shopu!" anatero mmodzi.

"Mtengowu si wanga, ana anga, mangani," anayankha a Tobias. "Koma ine pansi pake sindikhalapo."

"Nsalu chabe mukuiopa? Imaluma?"

"Khadi lija linalinso pepala chabe," anatero akulonga masipanala m'thumba.

Malo onse a m'mbali mwa msewu ali ndi eni ake, ndipo munthu wachikulire akangochoka pamsewu, makasitomala amathera kwa anyamata okonza njinga. Ndinawanong'oneza kuti angopirira, mbenderayo isuluka yokha ndi dzuwa. Anangondiseka, n'kunyamula pampu.

A Uthman, Msilamu wa golosale ya tsidya la msewu, anali pakhomo akuonerera. Anakuwa:

"Achimwene, pampuyo mukupita nayo kuti? Khonde ili likungogonapo mbuzi. Bwerani, koma girisi wanuyo asandidetsere shuga."

"Nanga Lachisanu mukapita kumzikiti?"

"Mlonda ndinu. Lamlungu mukapita kokapemphera kwanu kuja, matayala ndilondera ine."

M'mawa mwake abale awiri a mpingo anabwera ndi malata akale ndi matabwa. Anawonjezera denga, n'kukhoma benchi yoti makasitomala azidikirirapo.

Chisankho chinadutsa, mbendera inasuluka n'kung'ambika, koma a Tobias sanabwerere pamtengo paja. Akuti pakhonde mango sawagwera pamutu. Inenso sikelo ndinaisamutsira komweko. Mlimi akafika ndi matumba, ine ndikupima, iwo akupopa tayala, a Uthman ali pawindo akumukumbutsa kuti kunyumba sopo watha.