Nyimbo Yanga Pamwamba pa Jeneza

Ndaphunzitsa pasukulu ya sekondale kuno ku Mangochi kwa zaka zambiri, ndipo ndimatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu. Ndinabwera nditangotuluka kumene kukoleji, mlendo wosamva Chiyao ngakhale moni. Amene anandilandira linali banja la Chisilamu loyandikana ndi nyumba imene ndinkakhala, makamaka mayi a pakhomopo, amene amagulitsa usipa wouma. Tinakulira limodzi mu umayi, mpanda wa bango wokha utatilekanitsa, ndipo panalibe chimene ndikanapempha pakhomo pawo iwo n’kundikaniza.

Chaka china kunabwera bambo wina amene ndinamuphunzitsa kale, atanyamula kamera kuchokera ku Blantyre. Ankafuna kujambula filimu ya msodzi amene bwato lake linagubuduzidwa ndi mphepo ya mwera cha ku Monkey Bay, ndi ya mkazi amene anamusiya. Kwa ine anapempha zinthu ziwiri: ndipeke nyimbo za filimuyo, komanso ndikamulankhulire kwa anansi angawo kuti ajambulire pabwalo pawo, amuna a m’banjamo asewere gawo la maliro.

Pempho loyambalo ndinalilandira mokondwa, pakuti ndi ntchito imene ndinkailakalaka kuyambira kukoleji. Kumeneko tinaphunzira kuti mafilimu oyambirira analibe mawu, ndipo munthu ankakhala pafupi ndi chinsalu n’kumaimba piyano motsatira zimene zikuoneka. Zipangizo zasintha, koma ntchito ndi yomweyo: nyimbo ndiyo imauza woonera chimene ayenera kumva mumtima. N’chifukwa chake imafuna mwambo, pakuti imatha kunama monga munthu. Mafilimu ambiri a kwathu kuno amandikwiyitsa pa chifukwa chimenechi. Kiyibodi imayamba kulira pa chithunzi choyamba n’kudzaleka pa chomaliza ngati chigayo, munthu akudya ikulira, akumwalira ikulirabe. Ndinkafuna kusonyeza kuti wopeka nyimbo ayenera kudziwanso malo oyenera kukhala chete.

Pempho lachiwiri linali lolemera. Mkulu wa banjalo ndi alongo awo a mayi aja, bambo aulemu wawo amene salankhula kawiri. Poyamba anakana. Anati maliro si masewera. Nditawafotokozera kuti filimuyo ikufuna kuonetsa mavuto a akazi a asodzi, anavomera, koma anaika malamulo awiri. Jeneza, chonyamulira maliro chimene chimasungidwa kumzikiti, sichidzakhudzidwa. Kalipentala akhome china chongofanana nacho. Ndipo pa gawo limenelo pasadzamveke nyimbo ya mtundu uliwonse, chifukwa iwo saperekeza maliro ndi nyimbo zotere. Amuna amanyamula mofulumira, kulandirana paphewa, akutchula dzina la Mulungu. Wojambulayo, amene ndinapita naye, anavomera msangamsanga, koma akuluwo sanamuyang’ane n’komwe. Anayang’ana ine.

“Aphunzitsi, bambowa ife sitiwadziwa. Tikudziwa inu.”

Ndinawayankha kuti mawu anga ndi amenewo, ndipo ndidzawasunga.

Ndinagwira ntchitoyo masana a Loweruka, m’kalasi mopanda ana. Ndinkaonera zithunzi pa laputopu zilibe mawu, kubwereza mpaka nditamva kumene nyimbo ikufunika, kenako n’kuyesa pa kiyibodi ya kutchalitchi. Nyimbo imene ndinaikonda koposa inali ya mkazi wa msodzi akutembenuza usipa pathandala, maso ali kunjira, asanamve uthenga. Ndinasankha amayi anayi a m’kwaya kuti aing’ung’udze chabe, popanda mawu, pang’onopang’ono. Pa gawo la maliro ndinamuuza mwini filimu momveka bwino kuti pasiyidwe mapazi a amunawo pamchenga ndi mawu awo, basi. Anavomera ndi mutu, natenga zonse kupita nazo ku Blantyre kukalumikiza.

Filimu itatha kukonzedwa anaionetsa m’holo ya sukulu yathu masana, mazenera atatchingidwa ndi makatoni. Anansi anga ndinawaitana ndekha, ndipo ndinawakhazika kutsogolo. Zonse zinkayenda bwino mpaka pamene amuna a mufilimuyo anatuluka pabwalo atanyamula jeneza. Pamenepo holo yonse inadzaza ndi nyimbo yanga. Wojambula uja anaichotsa pathandala paja n’kuiika pamaliro, anaikweza, anawonjezera ng’oma za mukiyibodi pansi pake, ndipo mawu a amunawo anawafufutiratu. Palibe munthu m’tauni muno amene sakanazindikira mawu a oimbawo. Anali amayi a kutchalitchi, akuimba monga timaimbira poperekeza Mkhristu kumanda, pamwamba pa nkhope za anthu amene anauzidwa ndi pakamwa panga kuti zimenezi sizidzachitika.

Akulu aja anaimirira mwakachetechete n’kutuluka, amuna ena a m’banjamo n’kuwatsatira. Mayi aja sanatuluke. Anakokera mpango wawo kumaso, nakhala mpaka pamapeto osanditembenukira. Kumbuyo anthu ankalira ndi kuomba m’manja.

Ndinamupeza wojambulayo pakhonde akulandira mayamiko. Ndinadikira kuti anthu achepe, chifukwa sindikalipira munthu pagulu, kenako ndinamufunsa chimene anachita. Sanachite manyazi ngakhale pang’ono.

“Amadamu, ndinayesa mmene munanenera, koma pamangomveka mapazi. Anthu sakanalira. Simunaone mmene alirira?”

“Mapaziwo ndi amene munalonjeza,” ndinatero.

Anapitiriza kundifotokozera kuti anzake a ku Blantyre anati gawolo linali louma, kuti maliro a mufilimu sakhala opanda kwaya, ndiponso kuti ndinayenera kunyadira chifukwa nyimbo yanga ndi imene inanyamula filimu yonse. Ichi ndi chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero. Munthu ameneyu anakulira kuno. Anakhala pabenchi limodzi ndi ana a Chisilamu zaka zonse za sekondale, anaona maliro awo akudutsa pamsewu, koma atafika pa kompyuta anaona kuti mwambo wa anthu ndi mpata wopanda kanthu umene iye ayenera kuudzaza. Misozi imene ankaitamayo anaitenga kwa oonera mwa kunamizira anthu amoyo, amene nkhope zawo zimadziwika kumsika ndi kumzikiti.

Ndinamuuza kuti achotse nyimboyo. Apa m’pamene anaulula kuti anali atapereka kale filimuyo kwa amene amaika makanema m’mafoni a anthu kumsika, ndipo inali itafika mpaka ku Makokola. Anakonza ina yopanda nyimbo, koma imene anthu anali nayo inali yoyamba ija, ndipo ndi imene ikuyendabe.

M’mawa mwake ndinamutenga kupita naye pakhomo paja. Sanafune, koma ndinamuuza kuti ndikamudikira pachipata cha kumene anagona mpaka atatuluka. Tinakhala pamphasa, iye anapepesa, ine ndinafotokoza zonse mmene zinayendera. Akuluwo anamvetsera mpaka kumapeto. Anati anzawo kumzikiti awafunsa kale ngati banja lawo layamba kuitana kwaya. Anati kupepesako akulandira, ndiponso akukhulupirira kuti sindinadziwe.

“Koma aphunzitsi, musadzabwerenso ndi munthu wina kudzapempha kanthu pakhomo pano.”

Ndinavomera, chifukwa ananena zoona. Mayi aja anatiperekeza mpaka pachipata monga mwa ulemu. Wojambulayo anatsogola, akuyankha foni. Ine ndinaima pang’ono, ndikuyembekeza kuti mwina mayiwo anena kanthu kwa ine ndekha. Anangondifunira ulendo wabwino, ngakhale kuti nyumba yanga ili kuseri kwa mpanda wawo, kenako anatseka chitseko.